Shopu ya abambo Gama

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Joni tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatilowa mpaka m'mafupa.

Ndiyambe ndi zabwino. Esinati anachira, ndi mwana wamkazi. Wabwera ndi mphumi yanu yotakata ija, ndipo akamayamwa amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira polowetsa ulusi pa singano. Mkamwini wanu ankafuna dzina la Chizulu, koma mwana wanu mukumudziwa, anakakamira mpaka mwanayo ndi Felesiya, dzina lanu. Akadali ku Yeoville m'chipinda chomwe chija. Madzi amangosiyasiya, ndiye matewera amadzachapira kwa ine.

Mchimwene wathu Yamikani akuyendabe pa njinga yamoto kuperekera anthu zakudya. Mwezi watha anagwa cha ku Rosebank, koma anangosupuka bondo. Ku Ntcheu amalume akuti mvula inadula chimanga chikumasula, chawapulumutsa ndi kachewere. Pamanda panu analambula, ndipo maluwa omwe anadzala azakhali aja anagwira.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhalitsa pansi. Ndazungulira dala, Amayi, chifukwa nkhani yake ikundilemera.

Munatisiya nditangoyamba kumene ntchito ku ofesi yojambula mapulani a nyumba. Munkauza amayi a Mvano kuti, "Tiyamike wanga amajambula nyumba zosanja," pamene ine nthawi imeneyo ndinkangojambula zimbudzi ndi masitepe. Maliro anu atapita, ofesi yathu inapatsidwa ntchito yaikulu, hotela yatsopano m'kati mwenimweni mwa tauni, ndipo ine anandiika m'gulu la ojambula. Nditaona malo ake pa mapu thupi linandizizira. Inali nyumba yathu ija ya pafupi ndi pokwerera mateksi, yomwe tinafikira titangobwera kuchokera kumudzi, ija lifiti yake sitinaione ikuyenda. Anthu ena a chuma anaigula kuti aigumule.

Sindikunamizani, kuzizirako sikunakhalitse. Hotelayo ndi yokongola, Amayi. Nsanjika zopitirira makumi awiri, magalasi kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo pamwamba penipeni pali dziwe losambiramo, munthu nkumasambira akuona milu ya dothi la ku migodi kutali uko. Ndinkafika ku ofesi ena asanafike. Ine anandipatsa nsanjika ya pansi, ya kumsewu. Ndinapempha abwana athu, mayi wina wachizungu wofatsa, kuti mbali ya kumsewuyo tiikeko timashopu ta anthu omwe ankachita malonda m'nyumba yakaleyo. Anavomera, nanena kuti ndi ganizo labwino. Shopu ya pakona ndinaipatsa zenera lalikulu loyang'ana kotulukira dzuwa. Pojambula ndinkaganiza za abambo Gama, telala wa pa nsanjika yachiwiri uja, wa ku Balaka, amene anandisokera yunifolomu yanga yoyamba. Maso awo ayamba kufooka, amafuna kuwala. Akazi awo Anaphiri, omwe munkakazinga nawo magwinya, mandasi a kuno, pa khonde, amakutchulani nthawi zonse.

Vuto linali loti anthu anakana kutuluka m'nyumbamo. Ankati apita kukhoti, ndipo akanapitadi nkhaniyo ikanatenga zaka. Eni malo anaitanitsa msonkhano, ndipo loya wawo anafuna munthu womasulira, popeza ambiri mmenemo ndi a kwathu. Abwana anandiyang'ana nati, "Tiya, si anthu akwanu amenewa?" Ndinavomera mosavuta. Mwinanso ndinanyada.

Msonkhano unachitikira pabwalo la kuseri lija tinkayanika zovala. Nditaimirira pambali pa loya anthu anayamba kung'ung'udza, wina anakuwa kuti ndagulidwa. Pamenepo abambo Gama anadzuka nati, "Uyu ndi mwana wa malemu Nambewe. Wakulira m'manja mwathu. Musiyeni alankhule." Bwalo lonse linakhala chete chifukwa cha dzina lanu.

Loya ananena m'Chizungu kuti pulani ili ndi mashopu, ndipo anthu akale a m'nyumbamo adzaganiziridwa. Mawu ake anali amenewo, kuganiziridwa. Ine powatembenuza m'Chichewa ndinati, "Mashopuwa ndi anu. Hotela ikatha mudzabwerera." Ndinatulutsa chithunzi cha mmene msewuwo udzaonekere, chinayenda m'manja mwa anthu, ndipo ndinalozera abambo Gama pakona paja. Munkandiuza ndili mwana, ndikamakumasulirani kuchipatala, kuti, "Unene zomwe wanena dokotala, zako usunge." Tsiku limenelo ndinathira zanga. Ndinkazikhulupirira ndi mtima wonse, koma panalibe amene anandituma kulonjeza.

Kukhoti sanapitenso. Anatuluka mwamtendere, ena ku Yeoville, ena ku Hillbrow, ena kosadziwika. Abambo Gama ndi Anaphiri anapita ku Orange Farm, kuseri kwa nyumba ya mphwawo. Tsiku lomwe makina anayamba kugumula ndinalipo, nditavala chisoti choyera. Khoma la kutsogolo litagwa, chipinda chathu chinaonekera poyera, utoto wobiriwira uja munapaka nokha. Sindinauze aliyense mwa anzanga.

Maziko atayamba, kunabwera anthu a kampani yomwe idzayendetse hotelayo, ochokera kunja. Anayang'ana pulani ya nsanjika ya pansi nagwedeza mitu. Akuti alendo awo amafika pa galimoto, pamafunika malo okhotera ndi denga lowatchinga mvula, ndipo pakhomo pa hotela yotere sipangakhale telala kapena wokonza mafoni. Eni malo anavomera pomwepo. Ine ndinali kumapeto kwa tebulo. Ndinangofunsa kamodzi, mawu ali pansi, kuti, "Nanga anthu aja?" Abwana anandiyankha titatuluka, atandigwira paphewa: "Linali ganizo chabe, Tiya. Palibe chomwe tinasainirana ndi munthu." Masana omwewo ndinafufuta mashopu onse ndi dzanja langali. Pa kompyuta sizichedwa, Amayi. Pomwe panali zenera la abambo Gama tsopano pali miphika ya maluwa.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kupita kutchalitchi, chifukwa ambiri a m'nyumba ija amapempherabe komweko. Anaphiri akandiimbira foni ndinkaiyang'ana mpaka isiye kulira. Esinati ndiye anandibweza. Ali pa mphasa yanga, mwana ali kubere, anati, "Achemwali, anthu akundifunsa ine kuti mashopu afika pati. Ndiziti chiyani? Amayi anamwalira, manyazi a m'banja muno ndisenze ndekha?"

Loweruka lapitali ndinakwera teksi ya ku Orange Farm. Ndi kutali, Amayi, tauni imatha, mumadutsa tchire, kenako nyumba zimayambanso. Ndinawapeza akukhala mu mkhukhu, kanyumba ka malata okhaokha, mphepo ikulowera pansi pa chitseko. Mashini awo osokera aja anali pakona atavundikira nsalu. Makasitomala awo onse anatsala m'tauni, kumeneko amangosoka zigamba za mathalauza a anansi. Pamwamba pa mashiniwo, pa malata, anamata chithunzi chija ndinagawa pa msonkhano.

Anandilandira ngati mwana wobwera kuchokera kutali. Anaphiri anaika madzi a tiyi pa sitovu ya parafini, nandifunsa za mwana wa Esinati. Munkati munthu sayamba ndi zake asanamve mmene eni nyumba adzukira, ndiye ndinafunsa za miyendo yawo, za msana wa abambo, mpaka mafunso anandithera. Abambo Gama anayamba okha, akuloza chithunzi chija.

"Mwana wathu wa ku Balaka akutivutitsa kuti tizibwerera, akuti watipezera khonde la golosale pamsika. Ndamuuza kuti ayi, ndili ndi shopu m'tauni ikumangidwa. Tebulo lodulira ndidzaliika apa, pansi pa zenerali. Kodi magetsi mwaika mbali iti?"

Ndinaika kapu pansi. Ndinati, "Abambo, shopu kulibe. Anazichotsa zonse. Ndinafufuta ndine."

Anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, nawavalanso.

"Liti?"

"Kusanayambe kuzizira."

"Ndiye nthawi yonseyi ukudziwa."

"Inde, abambo."

Anaphiri anazimitsa sitovu. Sanakweze mawu. Anangoti, "Khonde la ku Balaka lija anapatsa wina sabata yatha." Atatero anatuluka panja, ndipo sanabwerenso mpaka ine kunyamuka.

Ndinawauzanso zinazo, kuti loya sanalonjeze, kuti mawu oti mashopu ndi anu anali anga. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangoti, "Chizungu ndimamva pang'ono, mwanawe. Ndinamva kuti loya uja akuzemba. Koma utalankhula iwe ndinati mwina ndine sindinamvetse."

Anandiperekeza pokwerera teksi, akuyenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Panjira ndinafuna kuwauza kuti ndapempha abwana afunse eni hotela ngati angawapatse ntchito yosoka mayunifolomu a antchito. Ndinadziletsa. Yankho silinabwere, ndipo pakamwa pangapa pawapweteka kale kamodzi.

Teksi itaima anandigwira mkono.

"Wachita bwino kubwera. Koma pabwalo paja sindinali ndekha. Pali Anabanda a tomato, pali achimwene okonza mafoni aja, pali ambiri omwe akudikirabe. Ine ndinaimirira nkuwauza kuti akumvere. Lamulungu la sabata yamawa ubwere kutchalitchi, mapemphero akatha uime kutsogolo uwauze wekha, m'Chichewa chomwe chija. Ine ndidzakhala pa benchi, sindidzakuimiranso."

Ntchito sindinasiye, Amayi, ndisakubisireni. Lolemba ndinabwerera ku ofesi, ndipo sabata yonseyi ndakhala ndikujambula denga la pofikira magalimoto lija. Hotelayo ikukwera, yapitirira kale nyumba zoyandikana nazo, ndipo ndikaiona pa zenera la teksi mtima umanyadabe pang'ono, kenako manyazi nkundigwira. Sindidziwa kuti ziwirizi ndizisenza bwanji pamodzi.

Mawa ndi Lamulungu. Esinati wati tipitira limodzi. Sindikudziwa kuti anthu adzanditani, ena mwina sadzandipatsanso moni, ndipo sindidzawadandaula. Chomwe ndikukulonjezani ndi ichi: ndikaima kutsogolo, ndinena zonse mmene zinayendera, osachotsa, osathirapo. Ndipo dzina lanu sindilitchula kuti linditchinjirize, ndinaligwiritsa ntchito kale pomwe silinayenere.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri. Pumani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike