Unaima pa Tebulo Limodzi

12 Meyi

Wokondedwa Mzime,

Kalata ino akundilembera apongozi, akazi a mchimwene wako, pakuti manja angawa anazolowera thireyi, osati cholembera. Ndawauza kuti alembe liwu lililonse monga ndalinenera, asathiremo shuga.

Ndiyambe ndi ana anga, kuti udziwe pamene banja lafika. Mchimwene wako wamkulu, uja tinkamutcha Mutu chifukwa chipewa chilichonse chinkamuthina, ndi dokotala wa mano, ndipo pa chitseko chake anakhomapo kachitsulo kolembedwa dzina lathu. Mchemwali wako Kamwa, amene ankalongolola mpaka nkhuku kuthawa, ndi loya, ndipo lero akatsegula pakamwa woweruza amalemba. Wachitatu, Phee, amukweza mwezi wathawu. Ndi mphunzitsi wamkulu tsopano, ana chikwi chimodzi amaimirira iye akamadutsa.

Apa apongozi aimitsa cholembera, akuti, "Nanga wachinayi, bambo?" Ndawauza kuti alembe zimene ndanenazo basi. Wachinayi ndiye nkhani ya kalatayi.

Usaganize kuti sindinkakunyadira. Ndinkakutcha Injiniya pamaso pa anthu, mpaka kometetsa tsitsi anatopa nane. Mwa ana anga onse, iwe wekha ndi amene unakhala nane pansi n'kundifotokozera ntchito yako. Ukukumbukira tsiku lija kukhitchini? Unandandalika makapu onse a mayi ako patebulo.

Unati, "Bambo, kuhotela kuja munkasamala matebulo angati?"

Ndinati, "Khumi ndi awiri, ndekhandekha."

"Nanga munthu akamachedwa kusankha chakudya, munkaima pomwepo?"

"Ndine mzati ine? Ndinkamusiyira pepala la zakudya n'kupita kwa amene wakweza dzanja."

Unaseka mpaka kugwetsa kapu. Unati, "Basi, ntchito yanga mwaidziwa kale. Pulogalamu imene ndimalemba pa kompyuta ili ngati woperekera zakudya mmodzi, koma matebulo ake ndi masauzande, timakina tonse todulira matikiti m'madepoti a kampani yathu ya mabasi. Siima kudikira aliyense. Imangozungulira, kuyang'ana amene wakweza dzanja."

Unandiuzanso kuti uthenga wa timakinato sufika wathunthu, umabwera zidutswazidutswa, ndiye tebulo lililonse lili ndi thireyi yake yosungirapo zidutswazo mpaka zitakwanira. Unatinso makina awiri asanayambe kukambirana amayamba apatsana moni wachinsinsi, n'kugwirizana kiyi, kuti wakuba womvetsera panjira azingomva phokoso lopanda mutu. Ine wa sitandade fili ndinamva zonse. Tsiku limenelo ndinayenda mumsewu chifuwa chili patsogolo. Ndinati mwana uyu watenga magazi anga, ntchito ya bambo ake waiveka suti.

Ndiye tandiuza, unatani Lachisanu lija?

Mchemwali wako wandiwerengera kalata imene abwana ako anakuchotsera nayo ntchito, kawiri, pang'onopang'ono. Akuti kamakina kamodzi ka kudepoti ina yakutali kanayamba moni uja, kasanamalize n'kuzima. Pulogalamu yako, m'malo mokasiya n'kupita kwa ena, inaima chilili n'kumadikira kuti moniwo uthe. Sunaiikire malire a nthawi yodikira. Inaima maola anayi. Matebulo ena onse manja ali m'mwamba, anthu ali pamizere ndi katundu wawo padzuwa, mabasi ali ndii, osanyamuka. Chifukwa cha tebulo limodzi lopanda munthu.

Nkhaniyi ndinaimvera pampando wometera. Wometa anazimitsa makina ake, mutu wanga uli theka, n'kunena mokweza kuti, "Madala, kodi si Injiniya wanu uja waimitsa mabasi?" Benchi yonse inafa nako kuseka. Telala wa pakhomo loyandikana anachita kulowa ndi lumo m'manja, akuti, "Musiyeni adikire kaye, akwawo amadziwa kudikira." Ndinatuluka ndi mutu wa theka womwewo. Zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, ndinali ndisanayendepo mumsewu nditaphimba mutu ndi nyuzipepala.

Ndikudziwa zimene ukufuna kunena, pakuti unazinena uli pakhomo pano misozi ili chuchuchu. Ukuti gawo limenelo unalilembera m'khonde la chipatala, kompyuta ili pamiyendo, masabata asanu aja mayi ako atafa ziwalo. Ukuti unali usanagone bwino masiku ambiri. Koma anakutuma ndani? Mutu anaimbira foni dokotala mnzake n'kubwerera kwa odwala ake. Kamwa anatumiza maluwa, aakulu ndithu, manesi anachita kuwajambula. Phee anabwera Lamulungu lina, anakhala ola lathunthu. Ine fungo la chipatala limandipweteketsa mutu, ukudziwa. Aliyense anasiya pepala patebulo n'kupita kwa amene wakweza dzanja. Iwe wekha ndi amene unakoka mpando n'kukhala. Kuwamwetsa ndi supuni, kuwatembenuza, kuwapukuta, kuima chilili mphindi khumi ndi zisanu kudikira liwu limodzi lituluke pakamwa pawo. Ndiye ukudabwa kuti pulogalamu yako inatengera mwini wake?

Ine ndinagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo sindinaimepo pa tebulo limodzi. Tsiku limene unabadwa iwe, uthenga unandipeza ndili ndi mbale zinayi za msuzi pamkono. Anati mayi ako ataya magazi ambiri. Ndinamaliza matebulo onse khumi ndi awiri, ndinapukuta mafoloko, ndinakakuonani mawa lake. Palibe dontho la msuzi limene linagwa. Abwana anandigwira chanza. Mayi ako sanandiyankhule mwezi wathunthu, koma unaona ndi maso ako kuti zinatha.

Tsopano za mauthenga ako. Mu foni yangamu mwalowa makumi anayi ndi asanu ndi awiri. Sindinatsegule ngakhale umodzi, ndimangoona nambala ikukwera. Iwe wemwe unandiphunzitsa kuti thireyi ikadzaza, wotumiza amauzidwa kuti aleke kaye. Ndiye ndikukuuza: yadzaza. Leka kutumiza. Usavutikenso kuimbira abale ako, ndi anthu otanganidwa. Ndamva kuti Lachiwiri unaima kutsidya kwa msewu, pafupi ndi wosoka nsapato, n'kumayang'ana zenera lathu. Usadzachitenso. Anthu a mumsewu uno ali ndi maso, ndipo ine ndayamba kumene kumetetsa kwina.

Pali kanthu kamodzi kamene ndikupempha, ndipo uyankhe kwa apongozi, osati kwa ine. Ulembe pakapepala momwe unkawatembenuzira mayi ako, ndi maola ake, pakuti pamsana pawo payamba zilonda ndipo mayi amene tinamulemba ntchito yowasamalira akuti iye mwakemo ndi momwemo. Ulembenso chimene unkasakaniza ndi mapiritsi aja kuti ameze. Kwa ife amalavula. Mutu akuti ndi khalidwe chabe, koma achepa thupi, mphete yaukwati tachita kuivula kuti ingatayike.

Kunena zoona, m'nyumba muno mwakhala zii. Mayi ako amakhala pampando wawo uja pazenera kuyambira m'mawa. Mawu awo amabwerabe monga unawasiyira, kachidutswa lero, kachidutswa mawa, koma palibe amene ali ndi nthawi yotolera. Iwe unkati ukadikira mokwanira zidutswazo zimapanga chiganizo. Mwina. Ine ndimamva phokoso chabe, ngati wakuba uja womvetsera panjira. Kiyi unapita nayo ndiwe.

Lero m'mawa ndinawauza kuti ndikulembera kalata. Anandigwira mkono wa malaya ndi dzanja lawo labwino lija, mwamphamvu moti batani linathothoka. Anati, "Mu... muuze..." Maso ali pa ine. Ndinawerenga chamumtima mpaka khumi, monga ndinkachitira kuhotela. Sanapitirize. Ndinamasula zala zawo chimodzichimodzi n'kupita kukamwa tiyi asanazizire.

Apongozi akuti iwo anatsalira, anagwada pambali pa mpandowo mpaka mawu onse anatuluka, ndipo akupempha kuti awalembe pano. Ndakana. Kalatayi ndi yanga. Ndawauzanso kuti apukute m'maso, angadonthezere pepala, ndipo asamale, pakuti matenda oima pa tebulo limodzi ndi opatsirana. Ndikamaliza, Kamwa andiwerengera yonse kuti ndione ngati sanawonjezeremo kanthu.

Akupereka moni Mutu, akuti usamale mano. Akupereka moni Kamwa, akuti kalata yokuchotsa ntchito ija inalembedwa bwino, palibe pogwira. Phee sananene kanthu, monga mwa masiku onse. Mayi ako sindinganene kuti apereka moni, pakuti sanaumalize.

Pomaliza, ndikudziwitse kuti banja lonse likumana kunyumba kuno pokumbukira zaka makumi asanu za ukwati wathu. Taitana wojambula zithunzi weniweni, wa nyali zake. Mayi ako tidzawakhazika pakati, tidzawafunditsa shawelo kuti mkono wakufa uja usaoneke, ndipo wojambulayo wati tisadandaule, chithunzi sichifuna mawu. Mipando ndawerenga kale. Umene unali wako ndapatsa bwenzi la Kamwa, mwamuna waulemu wake, woyendetsa ndege. Ukakhala utapeza ntchito ina tsikulo lisanafike, ubwere ndi kalata yake, ugogode kukhomo lakumaso, ndidzaiwerengetsa pakhonde. Ukapanda kupeza, usadzavutike ndi ulendo. Mayi ako adzayang'ana kuchitseko, ndikudziwa, koma wojambulayo akuti amawerenga mpaka katatu basi.

Tsikulo ndi Loweruka, pa 14 Juni, 2 koloko masana. Sitidzadikira munthu.

Ndine,
Bambo wa Dokotala, Loya ndi Mphunzitsi Wamkulu