Mayi Ali M'munsi mwa Chithunzi

Lolemba, 3 Novembala

Tepi yafika. Achimwene a Khiem aitumiza pa basi kuchokera kumudzi, yokulunga m'nyuzipepala, nkhungu mbali yonse. Kalata palibe. Foni yokha: "Iwe Thoa, si paja ntchito yako ndi ya makanema? Pofika Lamlungu ikhale itapsa." Ngati ndi mpunga.

Lamlungu ndi chikumbutso cha bambo, zaka khumi chimwalirireni. Achimwene abwereka sikirini yaikulu ija ya pamaukwati. Abale onse adzabwera, ndi a ku Hanoi omwe.

Tepiyo ndi ya 1996, phwando lolowa m'nyumba yatsopano. Anajambula ndi amalume atangobwera ndi kamera kuchokera ku Jeremani. Ine sindinaionerepo. Ndaipukuta masana onse, maukwati awiri a makasitomala ali pamzere. Ndaizungulitsa kamodzi, zonse zalowa m'kompyuta. Kachiwiri singapirire, idzaduka.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndaonera.

Bambo pansanja yamatabwa ndi amuna anzawo. Thireyi ya akuluakulu: nkhuku, nyama ya nkhumba, mowa wa mpunga. Bambo owonda monga ndimawakumbukira. Amalume kamera anailozetsa pa amunawo basi, mphindi khumi ndi imodzi osaisuntha.

Koma m'munsi mwa chithunzi. Pansi, pamkeka, podyera akazi ndi ana. Mayi.

Ankamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhope yawo ndimaidziwira paguwa la makolo, chithunzi chochotsa pachiphaso, chouma gwa. Lero ndawaona akuphethira. Amaseka ataphimba pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Inenso ndimatero, ndipo mwamuna wanga amandinena nazo. Sindinkadziwa kuti ndinatengera munthu.

Ndatseka shopu ola lathunthu.

Lachitatu, 5 Novembala

Mtima ukuwira.

Kanema wakale ndi wa 4:3, msinkhu ndi m'lifupi pafupifupi zofanana, monga ma TV a nthawi imeneyo. Sikirini yobwerekayo ndi ya 16:9, yotambalala. Njira zilipo zitatu, yachinayi palibe. Kusiya mizere yakuda uku ndi uku. Kukoka chithunzi mpaka chidzaze. Kapena kuchikulitsa n'kutaya gawo limodzi mwa magawo anayi, pamwamba kapena pansi.

Achimwene ndawatumizira wa mizere yakuda, wathunthu. Yankho: "Tabwereka khoma lonse lija kuti tionetse mdima? A ku Hanoi adzatiseka. Dzaza."

Ndakoka. Bambo anenepa ngati dzungu. Alamu anga a Lua, akazi a achimwene, ati, "Bola chonchi, akuoneka kuti ankadya bwino." Munthu amene anapita kumanda nthiti zikuwerengeka. Mwayi achimwene akana: "Amenewo si bambo. Dula."

Ndafunsa ndidule kuti, pamwamba pali mitu ya akuluakulu. "Pansi, nanga. Kuli chiyani pansipo? Mikeka ndi mbale."

Ndawauza kuti pali mayi. Sanadabwe n'komwe. "Tsikuli ndi la bambo. La mayi lili mu Malichi, tidzaona." La mu Malichi ndimalidziwa. Anthu asanu, nkhuku imodzi, sikirini kulibe.

Awonjezanso kuti wodulayo ndipange makope makumi atatu, banja lililonse lidzanyamule lake. Ndiye kuti adzukulu adzakula akudziwa kuti nyumba ija anailowa amuna okhaokha.

Lachinayi, 6 Novembala

Zaka khumi ndi ziwiri ndikudula makanema a anthu pano pa Nam Dinh. Akwatibwi amapempha ndiwachepetse chiuno. Apongozi amapempha ndichotse mlendo woledzera. Ndimachita, ndi ntchito. Koma wondiuza kuti ndidule mayi anga anali asanabadwe.

Azakhali a Mien, mlongo wa bambo, aimba. Alamu awatuma, n'zodziwikiratu. "Mwanawe, wofukiza lubani paguwa ndi mchimwene wako. Iwe unakwatiwa, ndiwe wa kwa eni. Usautse mapiri pachigwa." Eniakewo ali pamkeka womwewo m'kanemamo, khutu ndi phewa zokha zikuoneka. Nawonso akudulidwa, ndipo akuthandiza kunola mpeni.

Ndapanga monga andiuzira. Wadzaza bwino, wokongola, bambo pakatikati. Ndiye pa mphindi yachisanu dzanja likutuluka m'munsi mwa sikirini, likupereka mbale ya mpunga kwa amuna, n'kubwerera. Dzanja lopanda mwini. Bambo alandira osayang'ana.

Ndazimitsa kompyuta.

China chondiseketsa, ngakhale si choseketsa: mwana wometa mpala amene wayasama pambali pa mayi ndi achimwene a Khiem omwewo, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndili pamiyendo pa mayi, mapazi okha akuoneka. Achimwene akhala pansanja nthawi yaitali mpaka aiwala kumene anakulira. Akudzidula okha. Sindiwauza.

Loweruka, 8 Novembala

Mvula kuyambira m'mawa. Makasitomala awiri aja ndawanamiza kuti makina avuta.

Njira yachinayi ilipo.

Kanema ayamba modzaza, monga akufunira. Pa mphindi yachitatu chithunzi chiyamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mizere yakuda ilowa uku ndi uku, m'munsi mutuluka. Mutu wa munthu aliyense uli pamalo pake, palibe wodulidwa. Ndazimangira m'kati mwa kanemamo, wa sikirini adine batani lililonse sizidzasintha.

Achimwene ndawatumizira wonse kuti aone. Ayankha pasanathe mphindi ziwiri: "Eya, tsopano wamva." Sanaonerepo chinthu mpaka kumapeto chibadwire. Sindinabise kanthu. Safunsa anadya phula.

Mwamuna wanga ati ndidzathamangitsidwa pamudzi. Ndanyamula zovala za tsiku limodzi.

Lolemba, 10 Novembala

Dzulo sindinalembe. Manja anali m'madzi tsiku lonse.

Matebulo khumi ndi awiri a alendo pabwalo, akuluakulu pansanja m'nyumba, ife pamkeka pafupi ndi khomo la kukhitchini. Mkeka wina, malo omwewo. Lubani atafukiza, achimwene analankhula nthawi yaitali, kenako kanema. A ku Hanoi anagwedeza mitu. Bambo anadzaza khoma.

Mphindi yachitatu. Mizere inayamba kulowa. Achimwene anadzuka, nkhope itafiira, n'kukalipira mwini sikirini: "Akulu inu, makina anuwa atani?" Munthuyo ankangodina, thukuta lili kamukamu.

Azakhali a Mien anaimirira ndi chipande m'manja. "Alamu anga a Gam." Sanakuwe. Anangotchula dzina, koma bwalo lonse linamva. Dzina la mayi sindinalimve m'kamwa mwa munthu kwa zaka zambiri.

Maso onse pakhoma. Mayi akuchotsa minga m'nsomba, akuika m'kamwa mwa mwana wa mpala. Agogo ena pansanja anati, "Si Khiem uyo? Taonani kuyasama kwake." Ena anaseka. Achimwene sanaseke. Anakhala pansi, osakhudzanso kapu yawo.

Sanandilankhule mpaka ndikukwera basi. Alamu a Lua anandipatsira mpunga womata wa panjira osandiyang'ana kumaso. "Wachititsa manyazi mkulu wako pamaso pa alendo." Manyazi ake ati? Ndikanatha ndikanabwereza kawiri.

Makope sindipanga. Akafuna wodula akapeze wina.

Lachinayi, 13 Novembala

Foni masana, ndili pakati pa ukwati wa eni. Achimwene. Moni palibe.

"Makope aja upange a mizere yakuda. Kuyambira poyamba penipeni." Ndinali nditakonzeka kukangana, mawu onse ali pamlomo, ndiye ndinasowa powaika. Kenako: "Ndaonera kasanu. Iwe Thoa, mayi wawaona pamene akudya?" Ndinati inde, nanga pa phwando munthu angalephere kudya. Anadula.

Ndabwerera pa kompyuta. Pang'onopang'ono, chithunzi chimodzichimodzi.

Nsomba kwa achimwene. Mpunga kwa amuna. Kundikupiza ine ndi chipewa. Nsomba kwa achimwene. Kuseka. Msuzi kwa azakhali. Mbale ya mayi ili pafupi ndi bondo, yoyera, timitengo todyera tili pamwamba pake monga anatiikira poyala. Mphindi khumi ndi imodzi, sanaike kanthu m'kamwa.

Sabata yathunthu ndakhala ndikuwayang'ana, ndikupsa mtima m'malo mwawo, osaona. Waona ndi uja ndimati saonera chinthu mpaka kumapeto. Zandipweteka, ndipo zandikwiyitsanso.

Ndaimba. Ayankha ndi alamu, mawu otsika. Ati achimwene ali kukhitchini chibwerere kumsika, akuchotsa minga m'nsomba ndi zala zawo, akana kuthandizidwa. Akufuna kuika paguwa, patsogolo pa chithunzi cha mayi. "Ndawauza kuti lero si tsiku lawo, sakundimva."

Achedwa ndi zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi. Ndipo minga sadziwa kuchotsa, adzasiyamo theka.

Basi yoyamba ya kumudzi imanyamuka sikisi koloko.