Akuti Ababa ndi Olimba

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Makhanga tilipo, kutentha ndi komwe kuja munakusiya.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Esinta anachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akamalira amakhala ngati akulamula, ndiye dzinalo lamukhala. Mapira tapeza oti tifika nawo ku dzinja, ngakhale mbalame zinatengapo gawo lake. Bwato lija munkati tingoliwaza nkhuni tinalimata, mpaka pano likuwolokabe.

Koma chandigwiritsa cholembera ndi achimwene a Zuze. Chikuikireni m'manda sanapondeko kuno, foni yomwe ayi. Mwezi watha anangotulukira kuchokera ku Nchalo atanyamula shuga, sopo ndi jekete ya ababa. Jekete, Amayi, ku Makhanga kuno. Ndinakumbukira mawu anu aja akuti nkhuku ikaona chimanga chambiri pakhomo, iyambe yasuzumira ngati madzi sali pamoto.

M'mawa mwake anati akupita nawo ababa kuchipatala, pomwe ababawo sankadwala ngakhale chimfine. Ine ndinakana kutsala. Adokotala anawayeza magazi, kuwamvetsera pachifuwa, n'kunena kuti mdalayu ndi wolimba, atiposa tonse. Ndinaseka. A Zuze sanaseke. Anafunsa chapansipansi kuti, "Za thupi tamva, nanga mutu?" Adokotala anati zimenezo n'zina, zili ndi mayeso ake, kulimba kumene iwo akunena ndi kwa mtima ndi mapapo basi.

Kuyambira tsiku limenelo mawu amenewa andisowetsa mtendere, chifukwa aliyense akuti kulimba koma akutanthauza zake. A Zuze akuti nyumba yathu si yolimba, madzi anafika m'mawindo chaka chatha, pomwe yawo ndi ya njerwa zootcha ndi simenti, choncho ababa akakhale kumeneko. Akutinso ababa ayamba kuiwala, khasu akumalisiya kudimba, ndiye za minda azilankhula ndi iwowo monga mwana woyamba. Amalume a Fombe, alongo anu, atamva anavomera ndi mutu n'kunena kuti mfundozo n'zolimba. Nanenso sindinapeze pozitsutsira. Madzi anafikadi, khasu linasiyidwadi. Komatu inu munkati mtsuko saugulira maonekedwe, amayamba augogoda, wamng'alu umalira mwina. Mawu a achimwene ndikawagogoda akulira mwina.

Pasanapite nthawi anabweranso ndi munthu wa nsapato zoyera, ati ndi wogula ng'ombe, akufuna aone ngati nkhunzi yathu ili yolimba miyendo. Nkhunziyo anangoiponyera diso. Nthawi yonse anathera kudimba lanu lija la m'mbali mwa Ruo, akuyenda m'malire, kufumbata dothi n'kumalinunkhiza. Wogula ng'ombe wanji wosayang'ana ng'ombe m'kamwa? Nditawafunsa a Zuze anati ndatengera inu kukayikira anthu. Ndinawathokoza.

Tsopano pali china chimene sindinauzeko munthu. Dzana tinali kudimba awiri ndi ababa, tikubzala mbatata. Ntchito ankaigwira bwinobwino, mizere yowongoka ngati kale. Kenaka anaimika khasu, kundiyang'anitsitsa, n'kundiitana ndi dzina lanu. Anati, "Malita wamusiya ndi ndani kunyumba? Mwana uja amathawira kumtsinje." Amayi, Malita ndine, ndipo imvi zandiyamba. Ndinangoyankha kuti ali ndi anzake. Anati pyadidi, zili bwino, n'kupitiriza kulima. Pobwerera anali ababa omwe aja, akudandaula za kuchepa kwa nsomba ndi kunyoza mwana wawo wogulira munthu jekete m'chilimwe.

Ndiye ndasowa pogwira. Mwina achimwene anaona zoona ine ndisanazione. Koma zoona amazinyamulanso anthu ofuna zawo, ndipo sindikudziwa ngati akufuna kusamala ababa kapena kuwachotsa panjira yopita kudimba. Ndikawauza achimwenewo za dzanali, mawa lomwe wa nsapato zoyera uja afika ndi zikhomo zokhoma m'malire a dimba. Ndikabisa, tsiku lina ababa adzatsika okha kumtsinje kukafuna mwana amene anakula kalekale, ndipo ng'ona za kumeneko inu mukuzidziwa.

Ndaganiza chonchi. Ababa ndiwoloka nawo ndekha kubwerera kuchipatala, ndikapemphe mayeso a mutu aja, ndikamve ndi makutu anga. Zimene akandiuze ndidzazinena pamaso pa onse, Esinta ndi amalume alipo, osati kwa achimwene okha kuseri kwa nyumba. Pakadali pano ababa kudimba sakupitanso okha, ndikumanamizira kuti ndikufuna andiphunzitse kosunga chinyontho, iwo n'kumanyadira.

Ndikulonjezani, Amayi, kaya mutu wawo ukapezeke bwanji, ababa sachoka pakhomo pano mokokedwa, ndipo dimba lanu silipita kwa mlendo ine ndili moyo. Akadzandiitananso ndi dzina lanu ndidzavomera. Musakwiye nazo.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi kukusowani,
Malita