Kamtedza ndi abakha anga

Lolemba, 8 Januwale

Kamtedza, mwana wathu wokwawa uja, watsegula m'mimba kuyambira m'mawa, thupi ngati mbaula. Apongozi akuti ndi mano akumera. Ndawafunsa kuti mano ake ati omerera kumbuyo, mayi ake n'kundiyang'ana ndi diso lija. Ine sindizungulira polankhula. Vuto ndi madzi. Aneba anakumba chimbudzi kumtunda kwa chitsime chathu, ndipo mvula siikukata.

Lachiwiri, 9 Januwale

Ndapita kwa aneba kukawauza mosapsatira kuti akumwetsa mwana wanga zam'mimba mwawo. Angoti mdzukulu wawo amamwa chitsime chomwecho koma ali gwa. Zawo zimenezo. Pano madzi akumwa aziwiritsidwa, lamulo langa.

Lachitatu, 10 Januwale

Wakana bere, maso alowa. Tinamuthamangitsira kuchipatala panjinga. Malungo sanamupeze. Anesi anatipatsa timapaketi tosungunula m'madzi ndi timapiritsi, akuti azimwa pang'onopang'ono ndipo kuyamwa asasiye. Kenako mafunso: chimbudzi cha mwana timataya kuti, timasamba m'manja tisanamudyetse, pabwalo pomwe amakwawa pamayenda chiyani.

Mayi ake osadikira n'komwe: "Abakha a bambo akewa."

Ndinati abakha anga amasamba kuposa anthu ena omwe ndikuwadziwa. Anesi sanaseke. Akuti nkhani ya chitsime ndi yoona, tiziwiritsabe, koma wokwawa amalawa chilichonse chimene dzanja lagwira.

Lachinayi, 11 Januwale

Kamtedza akumwa mankhwala aja. Ine ndi mayi ake sitikuyankhulana.

Lachisanu, 12 Januwale

Thupi lazizirako. Mayi ake anamukhazika pamphasa pakhonde, ine ndikupala thabwa la chitseko cha aphunzitsi. Ndinangoti ndimuyang'ane, ndiwatsutse bwino anthu amenewa. Wofooka choncho, anatsika pamphasa, ulendo wa kubeseni lomwera abakha. Dzanja m'matope obiriwira aja, dzanja lomwelo kukamwa. Ndinataya chopalira n'kumukwatula lisanafike. Mayi ake anali pakhomo, sopo ali kale m'manja.

"Bambo a Kamtedza, zimenezi n'za tsiku lililonse. Ine ndikatembenuka, basi."

Za chimbudzi cha aneba sindinabweze mawu, chili pamalo olakwika ndithu.

Loweruka, 13 Januwale

Chitseko cha aphunzitsi chidikire. Ndamanga khola kuseri kwa nyumba, mitengo ndi waya, lolimba loti ngakhale mbuzi siingathyole. Pabwalo ndapala ndi khasu, ndathira mchenga. Pafupi ndi khola ndakoleka kachigubu ka madzi ndi sopo, aliyense wogwira bakha azisamba, kuyambira ine.

Kamtedza wayamwa mpaka kugona, thewera la masana linali labwinoko. Madzulo tinamunyamula kukaona khola. Anagwira waya, n'kudzikoka mpaka kuimirira, koyamba chibadwire, n'kuyamba kukalipira abakha m'chinenero chake, nkhope ili tsinya.

Apongozi anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti uyu wachira, mtima wa bambo ake wabwerera.