Malonje a Ababa pa Bulogu ya Mayi Glenys

Lolemba, 2 Juni

Andiyankha! Mayi Glenys, eni ake a bulogu ija ya Akhristu okhala m'maiko a eni, ati nditumize nkhani yanga pofika Lachisanu, mawu asapitirire 700. Uthengawo ndinauwerengera kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, nthawi ya tiyi, ndipo ndinakuwa mpaka agogo a m'chipinda 12 anaimba belu poganiza kuti wina wagwa. Zaka zitatu ndakhala ndikuwerenga za anzanga a ku Peru ndi ku Dubai, ine changa n'kungolemba "Amen" pansi pake. Pano ndi nthawi yanga.

Ndilemba za silinda ya gasi. Ababa atangofika kuno ku Woodridge, ku Australia, anaipachika pagalaja n'kumaimenya ndi sipanala 6 koloko madzulo, kuitanira mapemphero ngati kwathu kuchilumba cha Savai'i, mpaka aneba anatulukira ndi paipi ya madzi kuti mwina kwabuka moto. Masiku ano anebawo akaimva amatsitsa okha wailesi.

Lachiwiri, 3 Juni

Ndamaliza kulemba, mawu 694. Koma Seleta, mng'ono wanga uja, pakamwa pake sipakhala chinthu. Tili pakati pakudya nthochi za mumkaka wa kokonati wangoti, "Ababa, achemwali akukutulutsani pa intaneti." Ababa akuti werenga timve. Ndinangowerenga mzere woyamba: "Bambo anga anabwera ndi belu ku Australia." Ababa anasiya kutafuna.

"Wayambira pamenepo?"

"Eya, Ababa."

"Nanga malonje ali kuti?"

Ndinati pa bulogu salonjerana. Akuti, "Iwe Taunese, ine ndagwira ndodo ndi litchowa zaka makumi atatu kulankhulira mafumu, ndiye mwana wanga angotsegula pakamwa ngati wogulitsa nsomba pamsika wa ku Salelologa? Kumudzi akawerenga adzati ndani sanamuphunzitse?"

Choipa n'chakuti sakunama. Seleta walengeza kale pagulu la mpingo, ndipo zapagulu la mpingo zimafika kumudzi tsiku lomwelo.

Lachitatu, 4 Juni

Ababa kunena malonje, ine kulemba, maola awiri athunthu. Mafumu a kwathu aliyense ndi maulemu ake, mwa ndondomeko, wina asadumphe mnzake. Kenako a kumudzi kwa malemu Amayi. Abusa ndi amayi busa. Madikoni. Anali kusangalala bwanji, maso ali tseke, dzanja likuyenda m'mwamba. Nditawerengera, malonje okha mawu 540! Ndangolumikiza zonse n'kutumiza. Ambuye achite nawo.

Lachinayi, 5 Juni

Yankho la Mayi Glenys lafika, laulemu ndithu. Akuti za silinda aseka mpaka khofi kutayikira pamalaya. "Koma chiyambicho, wokondedwa, tichichotse. Owerenga athu amawerengera pafoni ali pamzere, mizere itatu ikapanda kuwakoka amapita." Abweza nkhaniyo itadulidwa kale, kwangotsala kuti ndivomere.

Seleta: "Ingovomerani achemwali, Ababa foni sadziwa n'komwe potsegulira."

Ine: "Azakhali a ku Savai'i amadziwa, ndipo aimba tsiku lomwelo."

Kunena zoona ndikuifuna nkhaniyi ituluke. Chala chinafika pa batani kawiri. Koma ndikaganiza za Ababa atakhala pabenchi yakutsogolo Lamulungu, azibambo anzawo akunong'onezana kumbuyo, chalacho ndikuchibweza. Kuno alibe munda weniweni, alibe bwalo. Chimene anabwera nacho ndi ulemu wawo womwewo basi.

Lachisanu, 6 Juni

Ababa ndawauza za malonje odulidwawo m'mawa ndisanapite kuntchito. Anangotuluka kukafunditsa masamba awo a talo, mbewu ya kwathu yonga koko, chifukwa cha chisanu. Ndapempha Mayi Glenys andidikire mpaka Lolemba, avomera.

Madzulo silinda sinalire. Aneba anasuzumira pampanda kufunsa ngati madala akudwala.

Loweruka, 7 Juni

Ndikuwathirira tiyi, Ababa anafunsa osandiyang'ana n'komwe:

"Nyumba imeneyo ndi ya yani?"

"Nyumba iti, Ababa?"

"Imene ukufuna kukalankhulamoyo."

Ndinati ndi ya Mayi Glenys, ine angondiitana kamodzi kokha. Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kutsokomola. Akuti, "Ndakalamba ine! Mwanawe, usakauze munthu. Ndi liti mlendo analowa m'mudzi wa eni n'kuyamba kutamanda mafumu akwawo? Amalonjera eni mudzi! Mawu onse aja tawaponya kolakwika, mayiyo walondola kuwadula."

Mtima wanga unangoti myaa. Ndinkaganiza kuti zatha. Ayi ndithu.

"Tsono kwawo n'kuti? Mafumu ake ndani?"

"Sindikudziwa."

"Zaka zitatu ukudya m'nyumba mwake sudziwa kwawo? Muimbire."

Ndalemba uthenga wopempha kuti tionane pafoni mawa, ndaufufuta kanayi chifukwa cha manyazi. Ayankha kuti 3 koloko yathu, ku Mongolia kumene akukhala ikhala 1 koloko.

Silinda yalira, mwinanso mopitiriza muyeso.

Lamulungu, 8 Juni

Lero lokha ndilembe bwinobwino kuti ndisadzaiwale.

Titabwera kutchalitchi n'kudya, Ababa sanavule jekete. Anamangirira nsalu yawo yakuda ija ya pamwambo, mkanda wofiira m'khosi, ndodo kumanja, litchowa paphewa. Laputopu tinaiika pamwamba pa filiji yaing'ono kuti aoneke ataimirira. Seleta anabisala kukhitchini, akuti sangapirire.

Mayi Glenys ndi wamkulu kuposa mmene ndinkaganizira, imvi mbuu, magalasi pamphumi. Ataona Ababa anadzikonza tsitsi msangamsanga. Ine ndinali womasulira.

Ababa: mafumu a kwanu ndani?

Anaseka. "Kalanga ine, tilibe mafumu, bambo. Ndine wa ku Narromine, konko ku Australia, katauni ka fumbi basi."

Ababa sanatekeseke. Mtsinje ulipo? Ulipo, Macquarie. Bambo anu? Clarrie Hartwig, ankameta nkhosa m'mafamu a anthu. Ali moyo? Anamwalira zaka zisanu zapitazo, iwo ali konko ku Mongolia, maliro anaonera pafoni. Mayi anu? Ankaimba limba m'katchalitchi ka malata, anthu ake osakwana makumi awiri.

Basi Ababa anaponya litchowa paphewa lina, anagogoda ndodo pakapeti, n'kuyamba ndi mawu aja amene amandiimitsa tsitsi chiyambire ndili mwana. Analonjera Narromine ndi fumbi lake. Analonjera mtsinje. Analonjera Clarrie Hartwig, amene msana wake unapindika kuti ana ake aime chilili, agone mwaulemu kumene agonako. Analonjera mayi wa limba ndi anthu ake osakwana makumi awiri aja. Pomaliza mwana wawo wamkazi, mwini nyumba, amene watsegulira chitseko mwana wa eni. Ndinamasulira, koma Chingerezi changa chinkangoperewera.

Mayi Glenys anagwira pakamwa. Kenako anavula magalasi. Akuti zaka khumi ndi zinayi ali kunja, aliyense amamufunsa za kumene ali, palibe anatchulapo dzina la bambo ake mokweza. Tinalira tonse, ndi Seleta yemwe kukhitchini kuja.

Misozi itauma inayambika nkhondo ya mawu. Ababa akuti malonje a eni nyumba ndi owerenga onse akwana mawu 200. Mayi Glenys, akupukuta mphuno, akuti 30. Ababa akuti 30 salonjera ndi mwana wa sukulu yemwe. Anagwirizana pa 60, aliyense akuoneka kuti wapambana.

Lolemba, 9 Juni

Ndatumiza. Mawu 61, sanaone kapena anangokhululuka.

Lachinayi, 12 Juni

Yatuluka!! Dzina langa lili pamwamba, Taunese, lolembedwa molondola. Pansi pake malonje a Ababa: kwa mwini nyumba wa ku Narromine, ndi kwa inu nonse amene mukuwerenga muli kutali ndi mitsinje yanu ndi manda a makolo anu, tikupempha malo tilankhule. Kenako silinda yanga.

Ababa ndawawerengera katatu. Kachitatu anangoti, "Tumiza kumudzi." Azakhali aimba kale, akuti mwana waleredwa uyu. Ababa ananamizira kuti sakumva bwino kuti abwereze.

Nditabwera kuntchito ndinatsegulanso kuti ndione ngati za silinda zaseketsa anthu. Alipo aseka, atatu kapena anayi. Koma ndemanga zafika 43, ndipo zambiri si za nkhani yanga n'komwe. Nesi wina ali ku Qatar walemba dzina la mudzi wake ku Philippines, la mtsinje, ndi la mayi ake. Wina ali ku Norway walemba phiri la kwawo ku Kenya ndi dzina la agogo ake. Ena onse chimodzimodzi, mudzi, mtsinje, dzina. Nesiyo pansi pake wawonjezera kuti, ngati bambo anu sangatope, atilonjereko nafenso.

Ndinawauza Ababa ndikuseka, kuti taonani ntchito mwadziputira. Iwo sanaseke. Anafunsa kuti alipo angati, ndinawauza. Anatsitsa kapu ya tiyi, anadzuka pampando pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija, anakonza kolala.

"Seleta, gwira foni ujambule. Iwe, werenga woyamba. Dzina la mayi akewo ulitchule bwino."