Tikubwera ndi Tikondane pa Khirisimasi

Kawale, Lilongwe
3 Disembala 2024

Okondedwa Amayi,

Kaya mukudzuka bwanji ndi bondo lija? Mng'ono wanga Queen anandiuza pafoni kuti mvula yayamba bwino, masamba a tiyi aphuka kwambiri pa esiteti, moti mukumalawirira ndi dengu kumsana. Musamapikisane ndi atsikana pothyola, Amayi, akapitawo sadzakupatsani bondo lina. Ife kuno tili bwino. A Fackson, bambo a ana, akadali pa ntchito yawo yoyendetsa lole. Ine makina akulira tsiku lonse, aliyense akufuna diresi la Khirisimasi, kungoti magetsi akumathima ndili pakati pa msoko.

Nkhani yaikulu ndi iyi: tikubwera kumudzi pa holide ino, ine ndi ana onse awiri, Tikondane ndi mlongo wake Angel. A Fackson atipeza ntchito ikatsekera.

Ndikudziwa kuti mtima wanu wagunda, chifukwa simunaiwale za ulendo watha uja. Nanenso sindinaiwale. Amalume a Anderson atayatsa masipika pabwalo, Tikondane anatseka makutu n'kuthawira m'munda wa tiyi, ndipo tinakamupeza atabisala pansi pa mitengo, mvula itamunyowetsa yense. Amalume anati mwanayu anachita kulodzedwa, tipite naye kwa mneneri ku Goliati. Tsiku lotsatira alendo atabwera, inu munamutsekera kuchipinda. Sindikukuimbani mlandu, munkamuteteza mmene munkadziwira. Komabe ndinabwerera kuno ndikulira, ndipo n'chifukwa chake chaka chatha sitinabwere.

Pano zinthu zasintha. Sikuti mwana wachira, pakuti si matenda ochira ndi jekeseni. Tasintha ndife. Aphunzitsi ake, a Cathy, amene amaphunzitsa ana ngati iyeyu, anandifotokozera kuti phokoso limamupweteka ngati mmene moto ungatipwetekere ife, ndiponso kuti chimene amachiopa kwambiri ndi chinthu chomudzidzimutsa. Ndiye chilichonse timamuuziratu. Madzulo alionse ndikumamuonetsa zithunzi zimene Queen anatumiza: siteji ya ku Luchenza, njira yodutsa kufakitale, khonde lanu, ndi inuyo. Mawu ake akadali ochepa, koma akatopa amakoka chitenje changa, ndipo ine ndimadziwa kuti tituluke.

Lamlungu lapitali ndinamuyesa. Kutchalitchi kunali makwaya a Khirisimasi, ng'oma ndi visekese, ndipo ndinapita naye atavala zotsekera m'makutu. Anakhala nyimbo zingapo ali phee, kenako anakoka chitenje. Tinatuluka, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iye akuwerenga zala zake. Mayi wina podutsa anati mwana wotereyu ndi wosiya kunyumba. Ndinawayankha mwaulemu kuti kunyumba kulibe kwaya. Patapita kanthawi Tikondane anaimirira yekha n'kundikokera m'tchalitchi. Amayi, ndinaimba nyimbo yomaliza mokweza kuposa wina aliyense.

Za pa ulendo musadandaule. Tikwera basi ya m'mawa, iye akhala pawindo, ndipo nditenga kapu yake ndi bulangete lake, chifukwa popanda zimenezi sagona. Pa Luchenza ndapangana ndi a Yahaya, aja a sitolo ya nsalu, kuti atiperekeze pa galimoto yawo. Kabaza sangakwere, amaopa kugwira munthu wachilendo. Chakudya musavutike ndi zapamwamba. Mpunga wake ukhale pawokha, nyemba pawokha, zikangokhudzana sadya. Masana inu muli kumunda ndizikhala naye ndine, ndipo Queen wavomera kumatenga Angel kukacheza ndi anzake. Mwanayu wazolowera kudikira kuti tithane kaye ndi za mchimwene wake, ndiye chaka chino ndikufuna nayenso avine mpaka fumbi.

Pempho langa ndi limodzi. Mulankhule ndi amalume tisanafike. Ndi achimwene anu, inu amakumverani, pomwe ine amandionabe ngati kamtsikana kotuma madzi. Sindikuti asasangalale. Masipika awo akaike kumtunda, kunyumba kwawo, osati pakhonde panu, ndipo anyamata asaphulitse makombola pafupi ndi nyumba. Za mneneri zithe, mwana wanga alibe chiwanda. Ndipo alendo akabwera, Tikondane akhala pamphasa ndi tonsefe. Akafuna kuchipinda alowa yekha, chitseko chili chotsegula. Amalume akakana, sindikangana nawo, ndidzangotenga ana tikadyere Khirisimasi kwa Queen ku Kapichi, inu mudzatipeze kumeneko. Koma ndikukhulupirira kuti savuta. Ndi iwo aja anathamanga m'matope tsiku lija kufunafuna mdzukulu wawo, mpaka nsapato inatsalira m'ngalande.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu anga a Justice, kwa Queen ndi ana ake, ndi amayi onse a pakomboni amene amafunsa za ife. A Fackson akuti mupemphere kuti lole isawafere panjira. Angel akuti mumusungire mapeyala ndi nanazi.

Chomaliza, Amayi. Tikamatsika galimoto musathamangire kudzamunyamula, ngakhale manja akuyabweni. Musaimbenso nthungululu. Ingokhalani pansi, mumuleke ayendere nyumba yonse, agwire makoma, asuzumire m'khitchini. Akatha adzabwera yekha. Moni wake sapereka ndi dzanja, amagunditsa chipumi chake paphewa la munthu, kamodzi kokha, n'kuchoka. Anthu amene anawapatsapo moni umenewu ndi ine, bambo ake ndi Angel basi. Dzulo anagunditsa chipumi pa foni, pa chithunzi chanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esnat