Njovu Yalavula Thumba Langa

Lachinayi, Novembala. Kwatentha kwambiri lero, nkhuku zangoswera pansi pa nkhokwe.

Cha m'ma fifitini awazi, 3 koloko masana, njovu yalowa pakhomo. Nkhokwe yaidutsa osaiyang'ana, yalunjika pachingwe pomwe ndinapachika thumba langa la chitenje. Ndinalisoka ndekha titaleka mapulasitiki, mbuzi ya apongozi itafa chifukwa chomeza pulasitiki. Njovuyo yalitenga ndi chitamba, yalinunkhiza, yaliponya m'kamwa, kenaka yalilavula n'kumapita. Ine ndimangosuzumira pazenera.

Thumbalo linalibe kanthu. Ndikabwera kumsika ndimalikung'untha, ndipo ndinkati kukung'untha n'kokwanira.

Amuna anga atabwera ku ntchito yawo yausikauti, yolondera nyama zakutchire, ndawafotokozera. Andifunsa, "Munanyamuliramo chiyani, amake Tisa?"

Ndati, "Mango, koma ndi sabata yatha."

Iwo akuti, "Sabata yatha ndi kwa inu. Kwa njovu mangowo akadali momwemo."

Mawuwa sakundichoka m'mutu. Ngati mango akadalimo, ndiye kuti nsomba zaziwisi za Lolemba zilimonso. Lachiwiri ndinaikamo mabanzi a ana osakulunga n'komwe.

Ndalitembenuza kuti ndione. M'misoko muli timamba ta nsomba ndi zakuda zomata zomwe sindikuzidziwa. Ndalichapa ndi sopo ndi madzi otentha, koyamba chisokereni. Mawa ndisoka lina la nsomba zokha.

Miyezi yonseyi mphuno yanga sinamvepo kanthu. Kodi njovuyo yamvamo chiyani? Nyama yodya makungwa ndi minga yomwe, koma thumba la mabanzi a ana anga yalilavula.